Ululu amaudziwa ndi mwini wake

Achinyamata anzathu, tikamayendera odwala amene matenda awo afika povuta, monga khansa kapena Edzi, tisamangoganizira tokha kukula kwa ululu wawo. Ambiri amabisa poopa kuvutitsa abale. Tiwafunse modekha: Pakupweteka ndi pati? Zinayamba liti? Kukubaya kapena kukuwotcha? Tulo mukuliona?

Kenaka timagwiritsa ntchito dzanja. Kufumbata dzanja ndiye kuti palibe ululu, kutambasula zala zonse 5 ndiye kuti ululuwo ndi wosapiririka. Wodwala amaonetsa yekha nambala yake. Ngati sangathe kulankhula, timayang'ana nkhope, kubuula ndi kapumidwe kake.

Nambalayo timailemba ulendo uliwonse n'kukauza namwino, chifukwa imamuthandiza kudziwa ngati panado akukwanira kapena pakufunika morphine. Wodwala akati zikupweteka, timukhulupirire.