Njanji ya Talyllyn: momwe anthu ongodzipereka asungira sitima yakale ku Wales

M'tauni yaing'ono ya Tywyn, m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa dziko la Wales, muli kasitima koyendera nthunzi komwe kamanyamuka pa siteshoni ya Wharf n'kulowera kumapiri. Ulendo wake ndi wa makilomita osakwana 12, koma umatenga pafupifupi ola lathunthu. Tikati tifufuze anthu omwe akuyendetsa kasitimaka, osonkhezera moto, ogulitsa matikiti ndi okonza njanji, tipeza kuti ambiri a iwo salandira malipiro. Ena ndi ophunzira, ena ndi opuma pantchito, ena atenga tchuthi kuntchito kwawo kuti adzadetsedwe ndi malasha. Onsewa ndi mamembala a bungwe la Talyllyn Railway Preservation Society, lomwe linali loyamba padziko lonse kutenga njanji yomwe inali pafupi kutsekedwa n'kumaiyendetsa ndi anthu ongodzipereka.

Funso lomwe tikufuna kuyankha m'nkhani ino ndi lakuti: bungwe lotere limatha bwanji kuyendetsa sitima kwa zaka zoposa 70, pomwe ntchito ya sitima ndi yoopsa komanso yofuna luso lalikulu?

Chiyambi cha njanjiyi

Njanji ya Talyllyn inamangidwa kuti izinyamula miyala yofolerera nyumba kuchokera kumgodi wa Bryn Eglwys, pafupi ndi mudzi wa Abergynolwyn, kukafika ku Tywyn. Mwini wake woyamba, a William McConnel, anali ndi fakitale yopota thonje ku Manchester. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itachititsa kuti thonje lisowe, iwo anaika ndalama zawo m'migodi ya miyala. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1865 ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1866. Ndi yopapatiza kwambiri: pakati pa zitsulo zake ziwiri pali mpata wa mamilimita 686, pomwe njanji yathu kuno ku Malawi ili ndi mpata wa mamilimita 1,067.

Mu 1911 mgodi ndi njanji zinagulidwa ndi a Henry Haydn Jones, phungu wa Nyumba ya Malamulo wa deralo. Malonda a miyala anali akulowa pansi, ndipo kumapeto kwa 1946 mbali ina ya mgodi inagumuka, ntchito n'kutheratu. Komabe a Haydn Jones analonjeza kuti malinga iwo ali moyo, sitima idzayendabe. Anasunga lonjezolo ngakhale njanjiyo sinkabweretsa phindu. Atamwalira mu July 1950, aliyense ankadziwa chotsatira: zitsulo zizulidwa n'kugulitsidwa ngati zotha ntchito.

Msonkhano wa ku Birmingham

Mmodzi mwa anthu omwe sanafune kuti zithere pomwepo anali a Tom Rolt, mlembi wa mabuku yemwenso anaphunzira ntchito ya makina. Iwo ndi anzawo anaitanitsa msonkhano pa 11 October 1950 ku Imperial Hotel mumzinda wa Birmingham, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 70. Maganizo awo anali achilendo panthawiyo: anthu wamba azisonkha ndalama chaka ndi chaka ngati mamembala, ndipo azipereka nthawi yawo kudzagwira ntchito ulele. Mayi wamasiye wa a Haydn Jones anavomera kupereka njanjiyo m'manja mwa gululo, ndipo pa 14 May 1951 sitima yoyamba ya bungweli inanyamuka ku Tywyn kupita ku Rhydyronen.

Zomwe anthuwa analandira zinali zomvetsa chisoni. Njanji inali itamera udzu, mathabwa oyala pansi pa zitsulo atawola. Mwa injini ziwiri zoyambirira, Talyllyn ya 1864 inali itatheratu, ndipo Dolgoch ya 1866 ndi yokhayo yomwe inkatha kukoka mabogi. Bungwe linagula injini zina ziwiri zomwe zinkayenda pa njanji ya Corris, yomwe inatsekedwa mu 1948, pamtengo wa mapaundi 25 iliyonse. Anazitcha Sir Haydn ndi Edward Thomas. Koma Sir Haydn itayamba kuyenda, inkangotsika panjanji. Atayeza anapeza kuti zitsulo za njanji zinatalikirana mopitirira muyeso ndi mamilimita pafupifupi 13. Injini zakale zija zinali ndi matayala otambalala motero sizinkagwa, koma yatsopanoyi inkagwera pakati. Panalibe njira yachidule. Kunali koyenera kuyalanso njanji yonse, chigawo ndi chigawo, ndipo ntchitoyo inatenga zaka.

Thandizo linkachokera kwa mamembala omwewo. Injini ya Edward Thomas inakonzedwa ulele ndi kampani ya Hunslet, chifukwa wapampando wake, a John Alcock, anali membala wa bungwe. Mu 1957 wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa njanjiyi, ndipo alendo anachuluka kwambiri. Mu 1976 mamembala anamaliza kuwonjezera njanji yonyamula anthu kuchoka ku Abergynolwyn kufika ku Nant Gwernol, komwe sitima imathera lero. Mu 1991 anatulutsa injini yomwe anaimanga okha m'nyumba yawo yokonzera makina ya Pendre, pogwiritsa ntchito ziwalo za injini ina yakale, n'kuitcha Tom Rolt.

Kudzipereka kokha sikuyendetsa sitima

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Tikamva za anthu ongodzipereka, nthawi zambiri timaganiza za gulu lomwe aliyense amabwera pomwe wafunira n'kuchita zomwe angathe. Panjanji sizingatheke. Sitima ya Talyllyn imanyamula anthu olipira, kotero imatsatira malamulo a chitetezo ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Office of Rail and Road, lomwe limayang'aniranso sitima zikuluzikulu za ku Britain. Lamulo silifunsa ngati woyendetsa sitima amalipidwa kapena ayi. Limafunsa ngati akuidziwa ntchito.

Tione momwe injini ya nthunzi imagwirira ntchito kuti timvetse chifukwa chake. Malasha amayaka m'ng'anjo yachitsulo yomwe yazunguliridwa ndi madzi. Kutentha kumadutsa m'mapaipi a m'kati mwa boyila, yomwe ndi thanki yowiritsira madzi, ndipo nthunzi yopanikizika imakankha zitsulo zomwe zimazunguza matayala. Wosonkhezera moto ali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi. Ayenera kuponya malasha okwanira asanafike pokwera, chifukwa moto suchita kukolera nthawi yomweyo. Ayeneranso kuyang'anitsitsa kagalasi koonetsa mulingo wa madzi. Madzi akachepa mpaka denga la ng'anjo kukhala pamtunda, chitsulo chimafewa ndipo boyila ikhoza kuphulika. Madzi akachuluka, amalowa komwe kumafunika nthunzi yokha n'kuwononga injini. Ndipo sitima ikamakwera kapena kutsika, madzi amapendekera mbali imodzi, choncho galasilo liyenera kuwerengedwa ndi munthu wodziwa njira yonse.

N'chifukwa chake palibe yemwe amafika lero n'kukwera pampando wa dalaivala mawa. Munthu amayamba ngati wopukuta injini. Amalawirira m'mamawa, kuchotsa phulusa, kupukuta mafuta ndi mwaye, kuthandiza kukoleza moto. Pochita zimenezi amadziwa chiwalo chilichonse ndi manja ake, ndipo amaphunzira kuona mtedza womasuka kapena paipi yodontha. Kenako amayamba kukwera limodzi ndi wosonkhezera moto wodziwa, kuphunzira malamulo, kuyesedwa, mpaka ataloledwa kusonkhezera yekha. Udalaivala umabwera patapita zaka zinanso.

Ntchito zina nazonso zili ndi makwerero ake. Njanji ya Talyllyn ndi imodzi yokha, ndipo sitima zimapatukirana pamalo ochepa monga Brynglas. Pofuna kuti sitima ziwiri zisakumane mutu ndi mutu, dalaivala saloledwa kulowa chigawo cha njanji asananyamule kachitsulo kapadera ka chigawocho. Makina ake anapangidwa mwakuti kachitsulo kamodzi kakatuluka, kena ka chigawo chomwecho sikangatuluke. Munthu wopereka ndi kulandira tizitsuloti nayenso amaphunzitsidwa n'kuyesedwa, chimodzimodzi kondakitala yemwe amayang'anira okwera ndi kupereka chizindikiro chonyamukira.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikhoza kuizindikira njira imeneyi. Ndi sukulu yopanda bolodi: wophunzira amayamba ndi chophweka, amaonera wodziwa, amayesa pamaso pake, ndipo amapatsidwa udindo pokhapokha ataonetsa kuti angathe. Kusiyana kwake n'kwakuti aphunzitsi a kumeneko nawonso ndi ongodzipereka omwe anaphunzitsidwa ndi ena m'mbuyomo.

Moyo wa m'bungwe

Bungweli lili ndi antchito ochepa olipidwa, koma mamembala ndi amene amasankha atsogoleri pamsonkhano wa pachaka. Amalandira magazini yawo, Talyllyn News, yomwe imatuluka kanayi pachaka ndi kufotokoza za injini yomwe ikukonzedwa, chigawo cha njanji chomwe chayalidwanso ndi ntchito zomwe zikusowa anthu. Ochokera kutali amagona kunyumba ya anthu ongodzipereka yotchedwa Llechfan ku Tywyn konko. M'nyengo yozizira, alendo akachepa, ndi pomwe magulu okonza njanji amagwira ntchito zolemera: kusintha mathabwa, kutsegula ngalande, kudula mitengo yomwe yayandikira njanji.

Ana sanaiwalidwe. Pali gulu la Tracksiders, momwe ana aang'ono amabwera ndi makolo awo kudzagwira ntchito zopepuka monga kupenta ndi kulambula njira za oyenda pansi, komanso gulu la achinyamata okulirapo. Zimenezi si zongosangalatsa ana. Mwana yemwe wapenta mpanda lero ndi amene angadzakhale wopukuta injini akakula.

Bungwe lili ndi nthano zake zomwe mamembala amauzana. Ina ndi ya m'busa wa mpingo wa Anglican, a Wilbert Awdry, mlembi wa mabuku a ana a Thomas the Tank Engine, omwe anadzipereka ngati kondakitala mu 1952. Tsiku lina ananyamutsa sitima ku Abergynolwyn n'kusiya mayi wogulitsa tiyi akuthamangira pambuyo. Cholakwa chimenechi anachisandutsa nthano m'buku lawo lina, ndipo njanji yongopeka ya Skarloey ya m'mabuku awo anaitengera pa Talyllyn. Lero katundu wa m'chipinda chawo cholembera akusungidwa m'nyumba ya zinthu zakale za njanji pa siteshoni ya Wharf.

Alendo amadabwanso kuona kuti zitseko za mabogi zimatseguka mbali imodzi yokha. Izi zinayamba mu 1866, pomwe woyendera njanji wa boma anapeza kuti pansi pa milatho ndi pothina kwambiri. Eni ake anasunthira njanji mbali imodzi n'kukhomerera zitseko za mbali yothinayo, ndipo mpaka lero mapulatifomu onse ali mbali imodzi. Anthu a m'tauni ya Tywyn nawo anayambitsa mu 1984 mpikisano wotchedwa Race the Train, momwe othamanga ankalimbana ndi sitima pamtunda wa makilomita oposa 20, kupita ndi kubwerera, kudutsa m'minda ndi m'matope. Ochepa okha ndi amene ankaipitirira.

Mavuto a lero

Mu July 2021 bungwe la UNESCO linaika dera la migodi ya miyala la kumpoto chakumadzulo kwa Wales pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo njanji ya Talyllyn ili m'gulumo. Koma ulemu sugula malasha. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa sitima kwa miyezi ingapo, ndalama za matikiti n'kusiya kulowa, ndipo bungwe linadalira zopereka za mamembala ndi akufuna kwabwino. Mu November 2023 mgodi wa Ffos-y-fran ku Merthyr Tydfil, komwe njanji zambiri zakale zinkagula malasha abwino a ku Wales, unatsekedwa. Tsopano mabungwe otere akuitanitsa malasha kunja kapena kuyesa mitundu ina yochita kuumba, ndipo osonkhezera moto akuphunziranso kayakidwe kake. Boyila iliyonse imayenera kuyenderedwa chaka chilichonse ndi kuphwasulidwa kuti iunikidwe bwino pakatha zaka pafupifupi khumi, ntchito yodya ndalama zambiri.

Koma vuto lomwe mabungwe a njanji zakale amaliopa kwambiri ndi la anthu. Sitima za nthunzi zinasiya kuyenda panjanji zikuluzikulu za ku Britain mu 1968. Anthu omwe anaigwira ntchitoyi ngati yolembedwa akutha. Palibe koleji yomwe ingatulutse wosonkhezera moto wodziwa kumva ndi khutu kuti injini yayamba kulemedwa. Luso limeneli lili m'mabungwe ngati la Talyllyn, ndipo m'badwo umodzi wokha ukalephera kuphunzitsa wotsatira, lidzatayika ngakhale injini zitakhala zonyezimira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Injini ya Dolgoch, yomwe inanyamula yokha sitima zoyamba za 1951, ikuyendabe. Mu 2011 anaiika boyila yatsopano ndi ndalama zomwe anthu anasonkha, ndipo ziwalo zake zambiri zasinthidwa pazaka zonsezi. Chomwe chapitirira osaduka kuchokera kwa a Rolt ndi anzawo ndi mzere wa anthu, aliyense akuphunzitsa womutsatira. Tikamaganiza zosunga chinthu chilichonse chomwe tinalandira kwa akuluakulu athu, kaya ndi nyumba, chida kapena luso, funso loyamba lisakhale la ndalama zokha. Tizifunsanso kuti ndani akuphunzira, ndipo ndani akumuphunzitsa.