Kodi Mumadziwa? Nthaka Yofooka Imalimba Akaimenya

Kodi mumadziwa kuti amisiri a nyumba za mdindo m'midzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi amatsata nzeru imodzi ndi mainjiniya omanga mabwalo a ndege? Dothi likatsenderedwa, timipata ta mpweya timatsekeka ndipo limalimba. Kusiyana kwake n'kulemera kwa chomenyera basi: wa mdindo amanyamula chake ndi manja, pomwe cha injiniya ndi chitsulo cholemera matani ngati 20, ofanana ndi matumba 400 a chimanga!

Chitsulocho amachikweza ndi kireni mpaka mamita 20, kenako n'kungochisiya. Chikamafika pansi chimakhala chikuthamanga makilomita 70 pa ola, ndipo akachigwetsa kangapo pamalo amodzi chimasiya dzenje lopitirira mita imodzi.

Nanga chija chopondera msewu munachiona pa M1 cha ku Mponela ndi ku Madisi? Chimenechi chimalimbitsa pamwamba pokha, n'chifukwa chake amathira dothi pang'onopang'ono, masentimita 15 kapena 30 nthawi imodzi. Koma chitsulo chogwa kuchokera kumwamba chimagwedeza nthaka mpaka mamita 10 pansi!

Amene anatchukitsa njirayi ndi Louis Ménard wa ku France, cha m'ma 1969. Pasanathe zaka khumi, pokulitsa bwalo la ndege la mumzinda wa Nice ku France komweko, pamalo amene anakwirira nyanja, anagwetsa chitsulo cha matani pafupifupi 200. Mwawerengera kale? Matumba 4,000!

Komatu si nthaka iliyonse imamva kumenya. Mchenga, timiyala ndi dothi lokwirira zimalimba msanga. Makande a kudambo ndiye nkhutukumve: amafufuma dzinja, n'kung'aluka mu Okutobala, ndipo akanyowa madzi ake satuluka msanga ngakhale muwamenye chotani. Amene anamangapo m'mphepete mwa dambo, mng'alu wa pakhoma uja amaudziwa bwino, ndipo zimawawa, njerwa ndi simenti zitadya ndalama za fodya za chaka chonse.

Ndiye mainjiniya amatani pamalo otere? Amathira miyala m'dzenje, n'kuimenya, n'kuthiranso, mpaka pansi papangika mzati wa miyala yokhayokha wonyamula nyumbayo. Mzati umodzi umatha kulowa mamita asanu, mulifupi mwake kupitirira mamita awiri!