Njala isatigulitse ufulu

Mitengo ya zinthu ikakwera, m'maminibasi a ku Ndirande ndi ku Bangwe mumamveka mawu akuti "bola nthawi ya Kamuzu". Ena amafika ponena kuti dziko lino likufunika mtsogoleri wankhanza kuti liwongoke. Odandaulawa sakunama za njala, koma mankhwala amene akufunawo tidawamwapo kale.

Tikumbuke za ku Makata. Mu Meyi 1992, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead adanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Zionetsero zidafalikira mumzinda wa Blantyre, apolisi adaombera, ndipo anthu oposa 30 adafa. Umphawi udalipo ngakhale pa nthawiyo, chomwe kudalibe ndi mpata wodandaula. Wopanda khadi la chipani ankabwezedwa pachipata cha msika, ndipo lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza. N'chifukwa chake pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri.

Mkanganowu si wathu wokha. Ku Chile, ku South America, alipo mpaka lero amene amayamikira Augusto Pinochet, msilikali amene adalanda boma mu 1973, ati adakonza chuma. Komatu anthu masauzande adaphedwa kapena kusowetsedwa mu ulamuliro wake, ndipo mu 1988 anthu ambiri a dzikolo adamukana pa chisankho.

Demokalase yathu ili ndi zilema. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko limati tonse ndife ofanana, koma mwana wa kumudzi amene ndimamuphunzitsa sayansi popanda labotale amalemba mayeso a MSCE amodzimodzi ndi mnzake wa sukulu yapamwamba ya m'tauni. Mayi wogulitsa tomato pa Makata sapeza loya monga amapezera wolemera.

Chonsecho, pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu n'kuvotanso. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndani akadayerekeza kukasuma?

Boma likalephera, tilifunse, tilisumire, tilichotse ndi voti. Aphunzitsi ndi makolo, tiuzeni ana za Meyi 1992, chifukwa ambiri amene akusilira masiku amenewo adali asanabadwe.