Musakane "update": ni cigamba ca bowo limene akawalala aliona kale

Pali kauthenga kamodzi kamene ambili timakaingitsa pa foni monga nchenche. Kamati "System update available", ife n'kudina "Later". Zifukwa tili nazo: bundle ni yocepa, batili ili pafupi kutha, ndipo foni ikuseŵenza bwino-bwino. Koma kauthenga aka sikabwela cabe kudzasintha maonekedwe a foni. Nthawi zambili kamabwela cifukwa akatswili apeza bowo m'pulogalamu ya foni yanu, ndipo akutumizilani cigamba cakuti mumatepo.

M'mabasi ocoka ku Madzimoyo kubwela mu tauni, nimaona mmene foni yasandukila cikwama. Amayi amene apita kukaoda katundu ku Saturday Market amalandila ndalama pa Airtel Money. Mnyamata wa pa koleji amalipila na MTN MoMo. Atate a pa mpando wa kumbuyo ali na app ya banki, cithunzi ca NRC na mauthenga a ku nchito. Zonsezo zili mu ka Tecno kapena ka Itel kamodzi. Ndiye nkhani ya bowo si ya anthu a makompyuta okha iyai.

Bowo limeneli limabwela bwanji? Pulogalamu imalembedwa na anthu, mizela mamiliyoni, ndipo munthu amaphonyako. Kuphonya kwina kumasiya mpata wakuti wakunja aloŵe mu foni, aŵelenge mauthenga, kapena aikemo pulogalamu yake inu osadziŵa.

Mu 2015 katswili wina, Joshua Drake, anaulula bowo la mu Android limene linachedwa Stagefright. Mafoni pafupi-fupi 950 miliyoni anali pa ngozi, ndipo uthenga wa MMS cabe unali wokwanila kutsegula njila. Kucokela caka cimeneco, Google imatulutsa zigamba za citetezo mwezi uliwonse.

Mu May 2019 inali nthawi ya WhatsApp. Bowo linali mu mbali ya kuimba foni. Wina amangokuimbilani pa WhatsApp, ndipo olo simunayankhe, pulogalamu yozonda yochedwa Pegasus, ya kampani ya ku Israel ya NSO Group, inali kuloŵa. WhatsApp inakamba kuti anthu pafupi-fupi 1,400 ndiwo anawafuna mwa njila imeneyi, pakati pawo atolankhani na omenyela ufulu wa anthu. Ine monga mtolankhani nkhani iyi siniiona monga ya kutali. Caka ca 2018, ofufuza a Citizen Lab ku Toronto anachula Zambia pakati pa maiko 45 kumene anapeza zizindikilo za Pegasus.

Mwina mudzati, "Nanga ine wogulitsa tomato, adzanizonda ndani?" Zoona, Pegasus ni yodula ndipo amaisungila anthu osankhidwa. Koma apa ndiye pali cinsinsi cimene ambili saciganizila. Kampani ikatulutsa cigamba, imakhala yalengeza kuti panali bowo. Akawalala amatenga pulogalamu yakale na yatsopano, amazilinganiza, n'kupeza pamene pamatidwa. Akapeza, amayamba kusakila aliyense amene akalibe kumata. Ndiye kuti tsiku limene update yafika ndipo inu mwaikana, ngozi yanu siikhala pamene inali dzulo. Imakula.

Zinacitikapo poyela mu 2017. Microsoft inatulutsa cigamba ca Windows mu March. Pa 12 May pulogalamu yoipa ya WannaCry inayamba kufalikila, n'kukhoma makompyuta opitilila 200,000 m'maiko 150. Eni ake anauzidwa kulipila madola 300 kuti mafaelo awo atseguke, ndipo zipatala zina ku Britain zinabweza odwala. Cigamba cinalipo kwa miyezi iŵili. Amene anagwidwa ambili ni aja amene sanaciike. Woyendetsa basi aliyense pa Kapata amadziŵa kuti cubu cikabooka sumati udzamata maŵa cifukwa tayala likali kuzungulila.

Manje tingacite ciani? Coyamba, tsegulani Settings, pitani pa About phone, funani pamene palembedwa za security update kapena security patch. Pali deti. Ngati deti iyo ni ya miyezi yocepa yapita, muli pabwino. Ngati ni ya zaka ziŵili kapena zitatu kumbuyo, dinani System update muone ngati pali yatsopano. Mukatelo pitani pa Play Store mucite update ma app, maka-maka WhatsApp, Chrome na app ya banki. Ngati vuto ni bundle, seŵenzetsani Wi-Fi ya ku nchito kapena bundle ya usiku. Ngati kwanu netiweki imavuta, citani mukafika mu tauni, batili itachajidwa bwino.

Caciŵili, dziŵani kumene update yeniyeni imacokela. Imabwela mu Settings kapena pa Play Store, basi. Link imene wina wakutumizilani pa WhatsApp kapena pa SMS, yakuti dinani apa foni yanu isatsekedwe, si cigamba, ni msampha. N'cimodzimodzi na GB WhatsApp imene anyamata amapatsana pa Xender. Si ya kampani ya WhatsApp, simudziŵa amene anaisintha na zimene anaikamo, ndipo WhatsApp yeniyeni imatha kutseka nambala yanu cifukwa ca iyo.

Cacitatu cimaŵaŵako. Foni iliyonse ili na nthawi imene kampani imaleka kuitumizila zigamba. Google na Samsung analonjeza zaka 7 pa mafoni awo odula monga Pixel 8 na Galaxy S24, koma mafoni ochipa amene ambili tili nawo amalandila kwa nthawi yocepa. Pogula foni ya second hand, musaone kamela na screen cabe. Onani deti ija musanapeleke ndalama. Ngati foni yanu inaleka kale kulandila ndipo ya ina mulibe, musaikemo ma app ocokela kumbali, ndipo ndalama zambili musazisunge pa app ya mu foni imeneyo.

Nikambe cilungamo: update siingakutetezeni kwa munthu amene mwamupatsa PIN na pakamwa panu. Aja oimba foni kuti ni a ku kampani, kapena otumiza uthenga wakuti tumizani ndalama pa nambala iyi, safunika bowo la mu pulogalamu. Amaloŵela pa khomo limene mwawatsegulila mwekha. Zimenezo mankhwala ake ni kudula foni na kukanena ku kampani yanu ya foni, ku ZICTA kapena ku polisi.

Koma bowo limene akatswili apeza na kumata, ilo lili m'manja mwanu. Limafuna mphindi zocepa na bundle ya makwacha ocepa, pamene ndalama ya katundu wa mwezi wonse ikapita, madzi akatayika saoleka. Basi isanadzale pa siteshoni lelo, tsegulani Settings muone deti.