Kodi munthu wa m'nkhani amasintha bwanji?

Ana inu, mukamawerenga buku la nkhani yopeka, tayesani kumuyang'anitsitsa mwini nkhani pa tsamba loyamba, kenako mumuyang'anenso pa tsamba lomaliza. Ngati wolembayo ndi katakwe, mupeza kuti dzina ndi lomwe lija koma munthuyo ndi wina. Chamusintha n'chiyani?

Tiyeni tipite ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland womwe uli pafupi ndi Blantyre wa kumeneko, kwawo kwa David Livingstone. Mumzindamu muli matimu awiri a mpira omwe samwerana madzi. Rangers imavala zabuluu ndipo inayamba mu 1872. Celtic imavala zobiriwira ndi zoyera, ndipo inakhazikitsidwa mu 1887 kuti izipeza ndalama zodyetsera ana osauka a mabanja ochokera ku Ireland. Mwina mwakumbukira za Bullets ndi Wanderers. Za ku Glasgow zimaposa pamenepo, chifukwa mpirawo unasakanikirana ndi chipembedzo: kuyambira kale ochemerera Celtic ambiri ndi Akatolika, pomwe a Rangers ambiri ndi Apulotesitanti.

Mu 2005 munatuluka buku la ana lotchedwa Divided City, lolembedwa ndi mayi Theresa Breslin, omwe kale ankagwira ntchito mulaibulale. M'bukuli muli anyamata awiri, Graham wa Rangers ndi Joe wa Celtic, amene akumana poyeserera kulowa timu ya achinyamata ya mzinda wonse. Pabwalo amapatsirana mpira mogometsa, koma akangovula nsapato aliyense amalowera kwawo.

Tsiku lina Graham akubwerera kunyumba, aona gulu la anyamata likubaya ndi mpeni mnyamata wina dzina lake Kyoul, wothawa kwawo amene akupempha malo okhala m'dzikomo. Graham akanatha kuliyatsa liwiro osacheuka. Koma aitanitsa ambulansi, ndipo Kyoul amupempha kuti akapereke uthenga kwa bwenzi lake, Leanne. Chinsinsichi chimulemera Graham, ndipo woti amuthandize kusenza ndi Joe, yemwe uja wa timu inayo.

Luso la wolembayu lagona apa. Palibe mphunzitsi amene akumuimika Graham n'kumulalikira kuti tsankho ndi loipa. Zikanatero, bwenzi atangogwedeza mutu, mawuwo n'kutulukira khutu linalo (inunso mumatero nthawi zina, si choncho?). Zomwe zikumutembenuza mtima ndi zimene wakumana nazo yekha: magazi a mlendo amene anthu akumuda asakumudziwa, komanso moyo wa Joe, yemwe bambo ake akuvutika maganizo chimwalirireni mkazi wawo. Tsono agogo ake aamuna a Graham, omwe iye amawakonda kwambiri, akufuna kuti mdzukulu wawo akagube nawo pa Orange Walk, perete wa Apulotesitanti wa ng'oma ndi zitoliro. Kwa Graham, kuyankha pempho limeneli kwasanduka nkhani yovuta, chifukwa tsopano Mkatolika akumudziwa ndi dzina, akudziwanso mavuto a kwawo.

Chomwe ndimakondera bukuli n'chakuti anyamatawa sasanduka angelo. Graham sasiya Rangers, Joe sasiya Celtic, ndipo kunyogodolana kwawo sikutheratu. Anthu enieni amasintha chonchi, pang'onopang'ono, zina n'kutsala momwe zinalili.

Mu 2011 nkhaniyi inaseweredwa ngati sewero la nyimbo ku Citizens Theatre, mu Glasgow momwemo, ndipo osewerawo anali ana a m'masukulu a sekondale a mumzindamo.