Zofunika kwa Mwana Wofuna Kuthandiza Dotolo pa Opaleshoni

Lero tisiyeko pang'ono za m'munda, tikambe za ntchito imene mwana wanu wa sukulu angaifune: kuthandiza dotolo pochita opaleshoni.

Pamene dotolo ang'amba wodwala, sakhala yekha ayi. Pambali pake paima munthu wosamala zipangizo, ndizo timipeni, masizasi, singano, ulusi ndi tinsalu topukutira magazi. Iyeyu ndiye aziyala pa tebulo, nazipereka m'dzanja la dotolo, nthawi zina dotoloyo asanatchule n'komwe. Kuno kwathu ntchitoyi aigwira anamwino a ku fiyeta. Ku America ili ndi sukulu zakezake, ndipo woiphunzira amutcha surgical technologist. Ndinena za sukulu za kumeneko, pakuti iwo amalemba poyera zonse zimene afuna kwa mwana asanamulandire.

Poyamba afuna setifiketi ya sekondale, monga ife tinena MSCE. Maphunziro ake atenga chaka chimodzi kufikira ziwiri. Mwana aphunzira mapangidwe a thupi la munthu, tizilombo toyambitsa matenda, mankhwala, ndi maina a zipangizo ndi a ziwalo, amene ambiri achokera ku Chilatini ndi Chigiriki. Chotero mwana wothawa Biology ndi Chingerezi adzavutika ndithu. Asanatsirize ayenera kutengako mbali pa maopaleshoni 120: mwa amenewa 30 ndi a wamba monga a m'mimba, ndipo 90 ndi a mitundu ina monga a mafupa, a maso ndi a amayi. Atatero ndi pamene alemba mayeso otsiriza.

Kuwerenga zinthu nakonso n'kofunika zedi. Tinsalu ndi singano zonse aziwerenga mokweza opaleshoni isanayambe, naziwerenganso asanatseke bala. Kansalu kamodzi kakasowa, dotolo satseka kufikira kapezeke, chifukwa kakatsalira m'mimba kaola ndipo munthu angafe. Mwana amene akatuma kukatsekera mbuzi abwera osadziwa kuti zalowa zingati, ameneyu ayambe wasintha khalidwe.

Tsono za thupi. Ambiri a ife tiganiza kuti mnyamata wotha kugalauza ekala ndiye wamphamvu pa ntchito iliyonse. Mphamvu yofunika kuno ndi yamtundu wina. Opaleshoni ina itha msanga, ina itenga maola anayi, asanu kapena kupitirira, ndipo nthawi yonseyo munthu aima malo amodzi. Sangadzikande pamphuno, sangatsitse manja kupyola m'chiuno, pakuti akatero magolovesi adetsedwa ndipo ayenera kuvala ena. Pojambula mafupa ndi X-ray avalanso chovala cholemera cha mtovu mkati mwa mkanjo. Wolima akatopa akhala pansi pa mtengo, koma uyu alibe popumira.

Kunyamula kuliponso. Sukulu zambiri zinena kuti mwana athe kunyamula mapaundi 50, ndiwo makilogalamu pafupifupi 23, kuchepera pang'ono theka la thumba la feteleza, kaamba ka mabokosi a zipangizo ndi kusuntha wodwala amene wagonekedwa. Atsikana athu osenza ndowa kuchokera ku mjigo sangalephere apa.

Chovuta, m'kuona kwanga, ndi zala, maso ndi makutu. Ulusi wosokera diso ndi wochepa kuposa tsitsi, ndipo singano yake ayenera kuigwira ndi kachitsulo atavala magolovesi, dzanja osanjenjemera. Onse m'chipindamo aphimba pakamwa, kotero sungaone milomo ya wolankhula. Uyenera kumva ndi khutu, makina akulira. Wovala mandala saletsedwa, malinga aone bwino nawo. Khungu la m'manja likhale lopanda zilonda, chifukwa asamba ndi mankhwala kufikira m'zigongono kangapo pa tsiku.

Afunanso umboni wa katemera, makamaka wa matenda a chiwindi otchedwa Hepatitis B amene ayenda m'magazi. Katemerayu kawirikawiri abaya katatu pa miyezi 6, choncho n'kwabwino kuyamba msanga. Apimanso chifuwa chachikulu. Za mtima wolimba sizilembedwa pa pepala, koma alipo ana amene akomoka tsiku loyamba. Kusenda mbuzi pa ukwati ndi kuona m'mimba mwa munthu wamoyo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kwa mwana wa kuno njira yake ndi ya unamwino, ndipo pakhomo pake afunsa MSCE yokhoza bwino Chingerezi ndi maphunziro a sayansi. Inu mafumu, uzani anthu anu kuti asanagulitse fodya kapena ng'ombe kulipira fizi, ayambe afunsa ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, pakuti wotuluka ku sukulu yosavomerezedwa salembedwa m'kaundula wa anamwino, ndipo chipatala sichingamulembe ntchito.