Windows ndi Linux m'laputopu imodzi: njira yanu ndi iti?

Pamalo pomwe ndimakonzera makompyuta ku Nchalo pamafika aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji ndi achinyamata a m'mabungwe ochokera ku Ngabu mpaka ku Bangula. Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, funso lawo ndi limodzi: "Achimwene, laputopu yangayi ikukana Windows 11. Ndamva za Linux, kodi ndingaiike osataya Windows?" Ndimayankha kuti n'zotheka, koma njira zake zilipo zitatu, ndipo wosankha weniweni ndi makina anuwo.

Windows ndi Linux onse ndi operating system, kapitawo wa makina: ndiye amagawa ntchito kwa purosesa, RAM ndi disiki. Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo ndi yaulere. Ili ndi mitundu yambiri. Wotchuka ndi Ubuntu, womwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa anauyambitsa mu 2004, ndipo dzinalo ndi umunthu wathu womwewu.

Njira yoyamba ndi dual boot. Kuno kuchigwa banja limakhala ndi munda kumphala ndi dimba m'mbali mwa Shire. Yonse ndi yanu, koma khasu simungaligwetse konse nthawi imodzi. Disiki imadulidwa pawiri, ndipo mukayatsa laputopu mumasankha kolowera. Amene mwamusankhayo amatenga mphamvu zonse za makina, n'chifukwa chake njirayi imakomera laputopu zakale. Choopsa chili podula malirewo. Chaka chatha mtsikana wina anabwera ndi laputopu ya batire lakufa. Mnzake ankamugawira disiki, magetsi n'kuthima ntchito ili pakati. Kafukufuku wake wa miyezi isanu anali momwemo, wopanda kope lina. Tinachezera usiku, n'kupulumutsa machaputala atatu okha. Nkhope yake sindiiwala. Chichokereni tsikulo sindikhudza disiki ya munthu asanakopere mafayilo ake kwina, batire lisanadzaze, komanso asanalembe papepala kiyi ya BitLocker ngati disikiyo ndi yokiyidwa.

Njira yachiwiri ndi virtual machine. Mumaika pulogalamu yaulere monga VirtualBox, Linux n'kumatseguka pawindo mkati mwa Windows ngati mlendo amene mwam'patsa chipinda. Akasokoneza zinthu, mumangomufufuta, nyumba ili chilili. Koma mlendo amadya m'nkhokwe yomweyo. Pa RAM ya 4GB onse awiri amagona ndi njala. 8GB ndiye poyambira. Pali chinanso chimene anzathu a ku Dedza sada nacho nkhawa: kutentha. Mu Okutobala kuno kumapitirira madigiri 40, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Mumamva fani ikulira ngati chigayo, makina akukwawa. Ndikatsegula laputopu zotere ndimapeza fumbi ndi mwaye wa nzimbe zitaundana pafani ngati thonje. Musanaitane mlendo, yeretsani fani, ndipo laputopu musamaiike pamatiresi.

Njira yachitatu ndi imene ndimayambira ndi aliyense: Linux ya pafulashi. Fulashi ya 8GB ndi kapulogalamu ka Rufus n'zokwanira. Mumayatsira laputopu pafulashipo, disiki yanu osaikhudza. Imachedwa, ndipo zomwe mwachita zimafufutika mukathimitsa, koma imakuuzani zoona: Wi-Fi ikugwira? Mawu akumveka? Pulinta ikuvomera? Bandulo isakuopseni. Linux Mint ndi pafupifupi 3GB, Ubuntu pafupifupi 6GB, ndipo kukopera kwa mnzanu amene anadawuniloda kale n'kololedwa.

Tsono musankhe bwanji? Ngati RAM ndi yochepa ndipo Linux mudzaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, gawani disiki. Ngati RAM ndi 8GB kapena kuposa ndipo mukungofuna kuphunzira, virtual machine ikukwanirani. Ngati ntchito yanu yonse ili pa Word ndi Excel, yesani kaye LibreOffice, yomwe imalowa m'malo mwa mapulogalamuwa pa Linux, muone ngati mafomu a kuntchito akutseguka bwino, chifukwa ena amasokonekera.

Chimandiwawa n'kuona laputopu yabwinobwino ikutsekeredwa m'sutikesi chifukwa choti yakana Windows 11. Ambiri kuno anaipeza atagulitsa mbuzi kapena thonje, ena anawatumizira abale a ku Joni. Makina otere angatumikirebe zaka zingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: koperani mafayilo anu madzulo ano, mawa muyese pafulashi, ndipo disiki muidule pokhapokha mutaona ndi maso anu kuti zonse zikugwira.